Louis Armstrong ndi mzinda umene udachedwa kumulandira

Mlendo wopita ku New Orleans, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi kummwera kwa dziko la America, amakumana ndi dzina la Louis Armstrong asanaponde n'komwe mumsewu, pakuti bwalo la ndege la mzindawu lidapatsidwa dzinali m'chaka cha 2001. Akalowa m'kati mwa mzinda amapeza paki ya dzina lomweli, momwe mudaimikidwa chiboliboli cha mkuluyu atagwira lipenga kudzanja lina, mpango wopukutira thukuta kwinaku. Mwezi wa August chaka chilichonse kumakhala chikondwerero cha nyimbo chomukumbukira.

Koma mlendoyo akafunsa za nyumba imene katswiriyu adabadwiramo, adzauzidwa kuti idagumulidwa m'chaka cha 1964, mwini wake akadali moyo, ndipo m'deralo mudamangidwa nyumba za khoti ndi polisi. Akafunsa za manda ake, adzamulozera ku New York, mtunda wa makilomita oposa 1,800. Mzinda umene lero ukukopa alendo ndi dzina la Armstrong ndi womwewo umene kwa zaka pafupifupi khumi mwana wakeyu adakana kukaimbamo.

Armstrong adabadwa pa 4 August 1901. Iye mwini moyo wake wonse ankakhulupirira kuti adabadwa pa 4 July 1900, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la America, ndipo zoona zake zidadziwika m'ma 1980 pamene wofufuza mbiri Tad Jones adapeza kaundula wa ubatizo wake m'tchalitchi china cha Katolika mumzindawo. Bambo ake, William Armstrong, adathawa banja mwanayo ali wakhanda. Mayi ake, Mary Ann Albert, amene anthu ankawatchula kuti Mayann, adali mtsikana wosafika zaka 20, motero mwanayo adaleredwa ndi agogo ake akuchimuna, Josephine, kufikira atakwanitsa zaka zisanu. Dera limene adabadwira lidali la umphawi ndi ndewu za mipeni mwakuti anthu adalipatsa dzina lotanthauza bwalo la nkhondo.

Kuti munthu amvetse chomwe chidaumba mnyamatayu ayenera kuudziwa kaye mzindawo. New Orleans adaukhazikitsa ndi Afalansa mu 1718, udalamulidwapo ndi dziko la Spain, kenaka mu 1803 udagulitsidwa ku America pamodzi ndi chigawo chonse cha Louisiana. Udali msika waukulu wa akapolo. Komabe kumeneku akapolo ankaloledwa kusonkhana Lamulungu pabwalo lotchedwa Congo Square, pomwe ankaimba ng'oma ndi kuvina magule a kwawo ku Africa. Patadutsa mibadwo, ng'omazo zidasakanikirana ndi malipenga a asilikali, nyimbo za m'tchalitchi, ndi nyimbo zodandaula za antchito a m'minda zotchedwa blues. Magulu a malipenga ankaperekeza maliro kumanda ndi nyimbo zachisoni, n'kubwerako ndi nyimbo zovinitsa, khamu la anthu likutsatira pambuyo. Umu ndi mmene mudabadwira nyimbo za jazz. Koma ndi mumzinda womwewunso momwe Homer Plessy adamangidwa mu 1892 kaamba kokhala m'chipinda cha azungu m'sitima yapamtunda, ndipo mlandu wake ndi umene khoti lalikulu la America lidagwiritsa ntchito mu 1896 povomereza kuti azungu ndi anthu akuda azilekanitsidwa. Armstrong adabadwa patangotha zaka zisanu chigamulocho chiperekedwere.

Asanakwanitse zaka khumi adayamba ganyu kubanja la Karnofsky, Ayuda ochokera ku Lithuania amene ankagula zinthu zakutha ndi kugulitsa malasha pangolo. Ntchito ya mnyamatayo idali kuliza kalipenga kachitini poitana makasitomala. Banjali linkamudyetsa madzulo aliwonse, ndipo lidamukongoza ndalama yoyambira kugulira lipenga lenileni lakale pasitolo ya pinyolo. Armstrong adaona ndi maso ake mmene azungu ena ankanyozera Ayudawo, ndipo atakula ankavala m'khosi nyenyezi ya Davide kufikira imfa yake. Sukulu sadapite nayo patali. Adaisiya ali ndi zaka 11, n'kumaimba m'misewu ndi anzake atatu kuti odutsa awaponyere timakobidi.

Usiku wa pa 31 December 1912, anthu akulandira chaka chatsopano, mnyamatayo adatenga mfuti kunyumba n'kuombera m'mwamba mumsewu wa Rampart. Wapolisi adamugwira pomwepo, ndipo khoti lidamutumiza ku Colored Waif's Home, malo osungirako anyamata akuda opulupudza, omwe ankayendetsedwa mwachisilikali ndi Joseph Jones. Kumeneku kudali gulu la malipenga ndi mphunzitsi wake, Peter Davis. Poyamba Davis sadamufune mnyamatayo poona dera loipa lomwe adachokera. Adamuyambitsa ndi zoimbira zing'onozing'ono, kenaka adamupatsa lipenga laling'ono lotchedwa cornet, ndipo posakhalitsa Armstrong ndiye ankatsogolera gululo likamayenda m'misewu ya mumzinda. Adatuluka pamalowa mu June 1914 akudziwa ntchito imene adzaigwire moyo wake wonse.

Zaka zotsatira zidali za thukuta. Masana ankayendetsa ngolo ya malasha, usiku n'kumaliza lipenga m'malo omwera mowa. Ali mwana, malasha omwewo ndi amene ankamulowetsa ku Storyville, dera limene uhule udali wololedwa ndi malamulo a mzinda kufikira lidatsekedwa mu 1917, ndipo ankachedwa dala panja pa nyumba zachisangalalo kuti amvere lipenga la Joe Oliver, amene anthu adamuveka ufumu wa oliza malipenga n'kumamutchula King Oliver. Oliver adamutenga mnyamatayo ngati mwana wake. Atasamukira ku Chicago, malo ake m'gulu la Kid Ory adatenga ndi Armstrong. Kuchokera mu 1919 mpaka 1921 adaimba m'sitima zapamadzi zoyenda mumtsinje wa Mississippi, m'gulu la Fate Marable, munthu wosanyengerera amene ankafuna woimba aliyense adziwe kuwerenga nyimbo zolembedwa papepala. Sitimazo ndizo zidali sukulu yake ya ukachenjede. M'zaka zomwezi adakwatira Daisy Parker, banja la ndewu lomwe silidakhalitse, ndipo adatenga Clarence, mwana wa msuweni wake yemwe adamwalira. Clarence adagwa ali wamng'ono n'kuvulala mutu, ndipo Armstrong adamusamala moyo wake wonse.

Mu August 1922 Oliver adamuitana ku Chicago. Armstrong adakwera sitima imene anthu akuda zikwizikwi ankakwera m'zaka zimenezo pothawa tsankho la kummwera, ndipo chichokereni tsiku limenelo sadakhalenso ku New Orleans ngati kwawo kogona. Mu April 1923 gulu la Oliver lidajambula nyimbo ku Richmond m'chigawo cha Indiana, ndipo m'nyimbo ya Chimes Blues ndi momwe lipenga la Armstrong lidamveka koyamba palokha pachimbale. Woliza piyano m'gululo, Lil Hardin, adakhala mkazi wake wachiwiri mu 1924. Mayiyu ndiye adamuumiriza kuti achoke mumthunzi wa Oliver, chinthu chimene mwini wake ankachita nacho mantha. Adapita ku New York kukaimba ndi gulu la Fletcher Henderson kwa chaka chimodzi, n'kubwerera ku Chicago komwe mu November 1925 adayamba kujambula zimbale m'dzina lake ndi kagulu kotchedwa Hot Five.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa ambiri amene amamudziwa Armstrong ngati gogo womwetulira wa mawu osasa sadziwa chimene adachita m'zaka zitatu izi. Kufikira nthawiyo jazz idali nyimbo ya gulu: malipenga atatu ankalira pamodzi, lililonse likuluka njira yake mozungulira linzake. Armstrong adatulutsa woimba mmodzi kutsogolo. Ankatenga nyimbo yodziwika, n'kuisiya pakati, n'kupeka ina pomwepo pamwamba pa maziko a yoyambayo, ndipo yopekedwayo inkakhala ndi poyambira, pokwera ndi potsetsereka ngati nthano yokambidwa ndi munthu wodziwa kukamba. Ankachedwetsa liwu pang'ono kapena kulifulumizitsa, mwakuti nyimbo inkamveka ngati ikuyenda monyang'wa. Zimbale za nthawiyo zinkangolola mphindi zitatu, ndipo zonsezi ankazipanikiza m'mphindi zimenezo. Mu Heebie Jeebies ya 1926 adatchukitsa kuimba ndi mawu opanda tanthauzo, pakamwa pakutsanzira lipenga. Mu June 1928, pamodzi ndi woliza piyano Earl Hines, adajambula West End Blues, nyimbo ya Oliver yotchula malo achisangalalo a m'mbali mwa nyanja ya Pontchartrain kwawo ku New Orleans. Masekondi ochepa amene lipenga limalira lokha potsegulira nyimboyi akuphunziridwabe m'sukulu za nyimbo mpaka lero. Oimba ngati Billie Holiday ndi Bing Crosby sadabise kuti kaimbidwe kawo adatengera kwa iye.

Oliver zake sizidayende. Mano adamuthera, lipenga lidamukanika, ndipo adamwalira ali mmphawi ku Savannah mu 1938 akugwira ntchito yosesa.

Mu 1931 Armstrong adabwerera ku New Orleans koyamba patatha zaka zisanu ndi zinayi. Magulu a malipenga adamuchingamira pasiteshoni, ndipo khamu lidamunyamula m'mwamba. Adakayendera malo aja adamusungirako ali mwana, adagulira yunifolomu timu ya anyamata osewera baseball. Koma malo amene adamulemba ntchito yoimba kwa miyezi itatu, Suburban Gardens, adali a azungu okhaokha. Anthu a mtundu wake, ena mwa iwo oti adakula naye, ankamvera ali panja pamtumbira wotchinga madzi a mtsinje. Usiku woyamba muulutsi wachizungu wa pawailesi adakana kutchula dzina la munthu wakuda, ndipo Armstrong adatenga yekha chimkuzamawu n'kudzilengeza.

Zaka za m'ma 1930 zidamupatsa kutchuka ndi mavuto pamodzi. Mu 1930 adagona m'chitokosi ku California atapezeka ndi chamba, chomwe sadasiye kusuta. Zigawenga za ku Chicago ndi New York zinkalimbirana kuti aziimbira ndani. Milomo idang'ambika chifukwa choliza mawu okwera kwambiri usiku ndi usiku. Mu 1932 adaimba ku London Palladium, ndipo paulendo umenewu ndi pomwe lidakhazikika dzina loti Satchmo, chidule cha dzina lomuseka kukula kwa pakamwa. Mu 1935 adapereka zonse za ntchito yake m'manja mwa Joe Glaser, mzungu wa ku Chicago wodziwana ndi zigawenga. Glaser adamuteteza, adamulowetsa m'mafilimu ndi pawailesi, komanso adamuyendetsa mosapuma kwa zaka zoposa makumi atatu, akudya gawo lalikulu la ndalama zake. Armstrong adalekana ndi Lil, adakwatira Alpha Smith, ndipo mu 1942 adamanga banja lake lachinayi ndi lomaliza ndi Lucille Wilson, amene chaka chotsatira adagula nyumba wamba ku Corona m'dera la Queens ku New York. Munthu woti akadatha kukhala pakati pa mpondamatiki adakhala m'nyumba imeneyo pakati pa antchito wamba mpaka kumwalira.

Chaka cha 1949 chidamubweretsera ulemu uwiri wosiyana. Mu February adakhala woimba jazz woyamba kuikidwa pachikuto cha magazini ya Time. Pa 1 March adakwaniritsa loto la ubwana wake povekedwa ufumu wa gulu la Zulu pachikondwerero cha Mardi Gras ku New Orleans. Gululi, lomwe ubale wake ndi Azulu a ku South Africa ndi dzina lokha, lidayambitsidwa ndi antchito akuda a mumzindawo, ndipo mwambo wake ndi kudzola utoto wakuda kumaso ndi kuvala masiketi a udzu. Kwa eni mzinda chidali chipongwe chobwezera azungu amene ankachita perete wawo wa mafumu. Koma zithunzi za Armstrong atadzola chotero zitafika kumpoto, anthu akuda ambiri adanyansidwa nazo, pakuti kudzola kotere ndi kumene azungu ankachita pa zisudzo zonyoza anthu akuda. Oimba achinyamata monga Dizzy Gillespie adayamba kale kumuona ngati munthu wosekerera azungu, ndipo nkhaniyi idangothira mafuta pamoto. Gillespie adadzavomereza patapita zaka kuti adamuweruza molakwa.

Chimene ambiri sadaone n'chakuti gulu lake la All Stars, lomwe adalikhazikitsa mu 1947, lidali losakaniza mitundu, ndipo mnzake wapamtima pansanja adali mzungu woliza trombone, Jack Teagarden. Mu 1956 chigawo cha Louisiana chidakhazikitsa lamulo loletsa azungu ndi anthu akuda kusangalala kapena kupikisana pamodzi pagulu. Kuti akaimbe kwawo, Armstrong adayenera kusiya ena mwa oimba ake. Adasankha kusapitako. Munthu amene mu 1954 adatulutsa buku lonse lofotokoza ubwana wake mumzindawo, amene ankamaliza makalata ake potchula nyemba zofiira ndi mpunga za kwawo, amene pafupifupi usiku uliwonse ankatsegulira ndi nyimbo yolakalaka kummwera, adauza atolankhani kuti ku mayiko achilendo amalandiridwa bwino kuposa komwe adabadwira.

Mu September 1957 ana asanu ndi anayi akuda adatsekeredwa pakhomo pa sukulu ya Central High ku Little Rock ndi asilikali otumidwa ndi bwanamkubwa Orval Faubus. Armstrong adali ku Grand Forks, m'chigawo cha North Dakota, pamene mtolankhani wachinyamata Larry Lubenow adamufunsa maganizo ake. Adadzudzula pulezidenti Dwight Eisenhower kuti ndi wachiphamaso ndi wamantha, adamunyoza Faubus ndi mawu osalembeka, ndipo adati sapitanso ku Soviet Union komwe boma linkafuna kumutuma. Atamubweretsera nkhaniyo italembedwa kuti atsimikize, adaisayina. Mawailesi ena adasiya kuulutsa nyimbo zake, ndipo oimba anzake ambiri adangoti ziii. Patatha sabata imodzi Eisenhower adatumiza asilikali a boma kukaperekeza anawo m'kalasi. Sitinganene kuti mawu a woliza lipenga ndiwo adasuntha pulezidenti, koma m'chaka chimenecho munthu wakuda wodalira matikiti a azungu sankalankhula motero osaika ntchito yake pachiswe.

Ku Africa kuno adafikako koyamba mu May 1956, ku Accra, dziko la Ghana lisanalandire ufulu. Adaimbira Kwame Nkrumah nyimbo ya Black and Blue, yodandaula za kuzunzika kwa munthu kaamba ka khungu lake, ndipo pagule wina adaona mayi amene adati adafanana kwambiri ndi malemu mayi ake, omwe adamwalira mu 1927. Adabweranso kumapeto kwa 1960 paulendo wautali womwe mbali yake yaikulu idalipiridwa ndi boma la America, lomwe panthawiyo linkalimbirana mitima ya mayiko atsopano a mu Africa ndi Soviet Union. Mu October adalowa m'bwalo la masewero ku Léopoldville atanyamulidwa pampando ngati mfumu, pamene Patrice Lumumba adali wotsekeredwa m'nyumba mumzinda womwewo. Boma limene linkalephera kumuteteza kwawo ndi lomwe linkamuonetsa kunja ngati umboni wa ufulu, ndipo Armstrong sadali wosadziwa zimenezi.

Ulendowu udamufikitsanso m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chaka chomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adatulutsidwa m'ndende ya Gwelo. Kumeneku adakumana ndi August Musarurwa, woimba wa ku Bulawayo amene adapeka Skokiaan, nyimbo yotchula mowa woletsedwa wa m'makomboni womwe kwathu kuno tingaufanizire ndi kachasu. Armstrong adali atajambula nyimboyi mu 1954. Koma ulendowo udatha ndi chisoni. Velma Middleton, amene adaimba naye kwa zaka pafupifupi makumi awiri, adadwala mwadzidzidzi ku Sierra Leone mu January 1961. Gulu lidapitiriza ulendo kumusiya m'chipatala, ndipo adamwalira komweko mwezi wotsatira. Ena mwa oimba anzake sadaiwale nkhanza imeneyi.

Mu May 1964, ali ndi zaka 62, nyimbo yake ya Hello, Dolly! idachotsa a Beatles pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku America. Mu July chaka chomwecho dziko lidakhazikitsa lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse, ndipo mu October 1965 Armstrong adaimbanso ku New Orleans ndi gulu lake lonse. Chaka chimenecho adakumananso pa wailesi yakanema ndi Peter Davis, mphunzitsi wake uja, ali nkhalamba. What a Wonderful World, nyimbo imene ambiri amamudziwa nayo lero, adaijambula mu 1967. Ku Britain idafika pamwamba mu 1968, koma kwawo siidagulidwe kwenikweni mpaka itamveka mufilimu ya Good Morning, Vietnam patatha zaka makumi awiri.

Mtima udayamba kumuvuta mu 1959 ali ku Spoleto m'dziko la Italy, koma sadamvere madokotala omuuza kuti apume. Mu March 1971 adakakamira kuimba kwa sabata ziwiri ku hotela ya Waldorf-Astoria, ndipo atangomaliza adagonekedwa m'chipatala. Adamwalira ali m'tulo kunyumba kwake ku Corona pa 6 July 1971, n'kuikidwa m'manda a Flushing. Mwezi wotsatira Lil Hardin adagwa n'kumwalira akuliza piyano pamwambo womukumbukira ku Chicago. M'nyumba ya ku Corona, yomwe idatsegulidwa kwa alendo mu 2003, mudapezeka matepi mazanamazana amene mkuluyu ankadzijambula yekha akucheza, akuseka, ndiponso akutukwana tsankho m'mawu amene pansanja sankawatulutsa.

Ku New Orleans paki ya dzina lake idatsegulidwa mu 1980, ndipo Congo Square ili m'kati mwake. Kuti malowo apezeke, nyumba zambiri za anthu akuda a m'dera la Tremé zidali zitagumulidwa kale. Sitolo ya banja la Karnofsky mumsewu wa South Rampart idakhala zaka zambiri yosasamalidwa, akuluakulu akulonjeza kuikonza, mpaka mphepo yamkuntho ya Ida idaigwetsa mu August 2021.

Mlendo wofuna kuona chinthu chimene manja a Armstrong adagwiradi ayenera kupita ku New Orleans Jazz Museum, m'nyumba yakale yomwe boma linkasuliramo ndalama zachitsulo, kumapeto kwa dera la French Quarter. Mmenemo muli cornet yothimbirira yochokera ku Colored Waif's Home. Atabwerera mu 1965 adamuonetsa lipengalo, ndipo adalizindikira ndi timizere timene iye mwini adatema pamlomo pake ali mnyamata, kuti lisamaterereke akamaliliza.